Koseti: chovala chimene ankachita kumanga ngati nyumba

Mwana wa achemwali anga atakwatiwa chaka chatha, diresi lake laukwati linali la masiku ano lija, lothina kuchokera pachifuwa mpaka m'chiuno, lomanga ndi zingwe kumsana. Kutchalitchi linamukhala mochititsa kaso. Koma pofika nthawi ya perekaniperekani, mwana uja anayamba kukhala chopendekeka, kumwetulira kwake kochita kukakamiza. Ine ndi azakhali ake tinamutengera kuseri, ndipo titasuzumira tinapeza kuti kamzere kamodzi ka pulasitiki, mwa timene telala anatilowetsa m'kati mwa nsalu, kaboola msoko n'kumamulasa m'khwapa. Tinato tinali titapindika pachiuno. Tinatumbula msokowo ndi lezala n'kukasolola. Ndinayesa kukawongola ndi zala, koma ayi ndithu, kanangokhala chopindika ngati uta.

Telalayo sindimuimba mlandu waukulu. Kusoka amakudziwa, masuti ndi madiresi a chitenje amawatulutsa bwino. Kungoti chimene anapemphedwa kusoka ulendo umenewo chili ndi malamulo akeake, amene amisiri a ku Ulaya anawaphunzira pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 400. Dzina lake ndi koseti. Ambirife timaidziwa ngati chida chozunzira akazi, chifukwa cha zimene timaona m'mafilimu: mtsikana wakakamira mtengo wa bedi, wina akumukoka zingwe kumsana mpaka kukomoka. Zoterozo zinachitikako, ndipo ndifikako. Koma wofuna kuchimvetsa chovalachi ayambe waona kapangidwe kake, pakuti zabwino ndi zoipa zimene chinkachita pathupi la munthu zinkachokera pa nsalu, zingwe ndi mafupa ake, kutanthauza timizere tolimba tolowetsedwa m'nsalu, tonga ka pulasitiki kaja.

Mayi aliyense amene anamangapo mimba ndi chitenje atangobereka akulidziwa vuto lake. Umachikulunga bwinobwino, chotambalala kuyambira pansi pa mabere mpaka m'chiuno, koma ukangowerama kawiri katatu chimakhwinyata, n'kusonkhana malo amodzi ngati chingwe, n'kuyamba kukucheka. Nsalu yokokedwa imathawira pamene thupi lachepa. Amisiri a koseti analimbana ndi zimenezi. Ambiri amayesa kuti chimene chimafinya thupi ndi mafupa aja, koma mphamvu yonse yogwira ili mu nsalu. Mafupa ntchito yawo n'kuimika nsaluyo kuti ikhale chotambalala, monga mmene nsichi zimaimikira khoma la nyumba yamitengo. Nsalu ikaima, kukoka kwa zingwe kumagawikana thupi lonse, kuchokera pachifuwa kufika m'chiuno, m'malo mocheka pamalo amodzi.

N'chifukwa chake nsalu ya koseti siyenera kutamuka ngakhale pang'ono. Akale ankagwiritsa ntchito bafuta wolimba, nthawi zina woumitsidwa ndi phala lomata. M'zaka za m'ma 1800 kunafala nsalu yotchedwa coutil, kawirikawiri ya thonje, yolukidwa mothinana kwambiri, ulusi wake woyenda chopingasa ngati minga ya nsomba. Ukaikoka sitamuka, ndipo fupa silingaiboole msanga. Nsaluyo ankaidula m'zidutswa zazitali, kawirikawiri zisanu kapena zisanu ndi chimodzi mbali iliyonse, chidutswa chilichonse chopapatiza pachiuno, chotambalala kumtunda ndi kumunsi. Maonekedwe onse a koseti amabisala m'misoko yolumikiza zidutswazo. Mmisiri wabwino ankasokereranso kalamba kosatamuka m'kati, kuzungulira chiuno, poti pamenepo ndi pamene nsalu imakokedwa kwambiri. Ndipo koseti sankaivala pakhungu. Munthu ankayamba wavala malaya opyapyala a bafuta kapena thonje, oti azimwa thukuta n'kumachapidwa kawirikawiri, chifukwa kosetiyo sinkachapidwa wambawamba.

Zovala zoterezi zinayamba kuoneka pakati pa anthu olemera a ku Italy, Spain ndi France m'zaka za m'ma 1500. Zakalekale zimene zilipobe mpaka lero n'zowerengeka. Ina anaipeza m'manda a Dorothea Sabina von Neuburg, mwana wa banja lachifumu la ku Germany amene anaikidwa m'chaka cha 1598, ndipo ikusungidwa ku Munich. Ina ndi imene anaveka chifanizo cha Mfumukazi Elizabeth Yoyamba pa maliro ake mu 1603, ndipo ili ku Westminster Abbey mu London. Ukaziyang'ana umadabwa, chifukwa zilibe chiuno chamavu chimene timachidziwa. Cholinga panthawiyo chinali kuwongola thupi kuti likhale losalala, lotambalala kumapewa n'kumachepa potsika, mabere atakankhidwira m'mwamba, msana uli chilili. Maonekedwe amenewa anakhalapo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Kutsogolo, pakati pa mabere kutsika mpaka pamimba, ankalowetsapo kathabwa kakatali kotchedwa busk, kamtengo, kanyanga, kapena ka mnyanga wa njovu. Kameneka n'komwe kankaletsa munthu kupinda mimba, moti akafuna kutola chinthu pansi ankapinda mawondo. Anyamata ankasema timathabwati, n'kulembapo mayina, mitima ndi maluwa, kukapatsa atsikana amene ankawafuna. Amalinyero a zombo zosaka anamgumi ankachita chimodzimodzi pa miyezi yambirimbiri imene ankakhala panyanja. Mphatso yake inali yobisika, yoonedwa ndi mwini wake yekha.

Kusoka kwake kunali kwa thukuta. Mmisiri ankaphatikiza nsalu ziwiri, n'kusoka ndi manja mizere yowongoka yoyandikanayandikana, kuti pakati pa mizere iwiri iliyonse pakhale kanjira kolowetsamo fupa. Chovala chimodzi chinkatha kukhala ndi tinjira toposa 100. Kenako n'kumakankhiramo mafupa limodzilimodzi, ntchito yotupitsa zala. Ku France ntchito imeneyi inali m'manja mwa amuna. Mfumu Louis XIV italola akazi osoka a ku Paris kukhala ndi bungwe lawolawo mu 1675, zovala zamafupazi zinatsalabe kwa atelala aamuna kwa zaka zina pafupifupi 100.

Nanga mafupawo ankawatenga kuti? Apa m'pamene nkhani ya chovala cham'kati imasanduka nkhani ya nyanja. Angerezi ankawatchula kuti mafupa a namgumi, koma kunena zoona si mafupa. Anamgumi a mitundu ina alibe mano. M'malo mwake, kunsagwada yakumtunda kumalendewera timatabwa tatitali tondondozana ngati mano a chipeso, ta ubweya m'mphepete. Namgumi amayasama, madzi n'kulowa, ndipo akamawatulutsa tizilombo tam'madzi timatsala titakodwa, monga nsomba zimatsalira mu mono. Namgumi wa kunyanja zozizira zakumpoto, wotchedwa bowhead, amakhala ndi timatabwa pafupifupi 300 mbali iliyonse, ndipo tina timatalika mamita anayi. Chimene chimapanga timatabwato n'chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathu ndi ziboda za ng'ombe.

Mmisiri sakanapeza china choposa chimenechi. Ukachiviika m'madzi otentha chimafewa, n'kumang'alukira m'litali ngati nsungwi, ndipo ungathe kuchipala mpaka kupyapyala mmene ukufunira. N'chopepuka, chimapindika n'kubwerera. Koposa zonse, chikamva kutentha kwa thupi chimatenga pang'onopang'ono maonekedwe a mwini wake, moti koseti yovalidwa miyezi ingapo inkamukhala munthu ngati nsapato yozolowera phazi. Chifukwa cha zimenezi pamodzi ndi mafuta ake, anthu a ku Basque (dera la m'malire a Spain ndi France), Adatchi ndi Angerezi anawasaka anamgumiwa mopanda chisoni kuzilumba za Spitsbergen, kumpoto kwa Norway, kuyambira m'zaka za m'ma 1600 mpaka anatsala pang'ono kutheratu kumeneko. Pambuyo pake zombo za ku America, zochokera kumadoko onga New Bedford, zinawalondola kunyanja zakufupi ndi Alaska. Palafini atayamba kulowa m'malo mwa mafuta a namgumi pambuyo pa 1859, chimene chinapitiriza kutumiza zombo kumeneko kwenikweni chinali mtengo wa timatabwa tam'kamwati. Zimandikhudza ndikaganiza kuti chinyama chotha kukhala ndi moyo zaka zoposa 100 chinkaphedwa, kudulidwa zam'kamwa zokha, thupi lonse n'kulitaya m'madzi.

Osauka nawonso ankavala, ngakhale kuti anamgumi sakanawakwanitsa. Akazi akumidzi ya ku England ankavala zachikopa chochindikala cholembedwa mizere ndi mpeni kuti chizipindika, kapena zolimbitsidwa ndi bango ndi mitengo yopyapyala. Ankalima nazo, kukama nazo ng'ombe, kusenza nazo katundu. Kunalibe kamisolo masiku amenewo, ndiye chimene chinkanyamula mabere ndi kuchirikiza msana chinali chomwechi, komanso chinkathandiza kusenza kulemera kwa mapitikoti ambirimbiri. Mkazi wotuluka panja osavala ankaonedwa ngati wotayirira, moti mipingo ya ku England, pothandiza amphawi, inkawagulira ndi chovala chimenechi chomwe. Ana aang'ono, anyamata ndi atsikana omwe, ankavekedwa tofewerapo poganiza kuti mafupa a mwana sangawongoke okha.

Cha m'ma 1790 mpaka 1810 fashoni inasintha. Madiresi anakhala opepuka, omanga pansi pa mabere, ndipo zovala zam'kati zinafewa. Ambiri m'malo mwa mafupa ankalowetsa zingwe za thonje m'tinjira tija. Dzina loti koseti, lochokera ku Chifalansa, linafala nthawi imeneyi. Chiuno cha madiresi chitabwerera pamalo pake cha m'ma 1820, chinabwera ndi tizitsulo tiwiri tating'ono timene tinasintha zonse.

Koyamba ndi kamphete kachitsulo kotchinga bowo la chingwe, konga kamene kali pa nsapato. Kale mabowo ankawapendera ndi ulusi, ndipo munthu akakoka mopitirira, nsalu inkang'ambika thupi lisanapweteke. Nsaluyo ndi imene inkaika malire. Timphete tachitsulo titabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820, malire aja anachoka: tsopano chotha kugonja chinali nthiti. Kachiwiri ndi busk yachitsulo yogawika pawiri, yokowetsa kutsogolo. Jean-Julien Josselin wa ku France anatulukira ina mu 1829, ndipo ya timitu tolowa m'timabowo, imene ikugwiritsidwabe ntchito lero, ndi ya Joseph Cooper ya mu 1848. Ndi imeneyi mkazi ankatha kuvala ndi kuvula yekha, osamasula zingwe zonse zakumsana ndiponso osafuna wantchito womuthandiza.

Kenako mafakitale analowererapo. Jean Werly wa ku Bar-le-Duc ku France anapeza njira yoluka koseti yathunthu pa makina m'zaka za m'ma 1830. Banja la Symington ku Market Harborough, ku England, linabweretsa mashini osokera a Singer m'zaka za m'ma 1850, ndipo ntchito ya masabata inasanduka ya maola. Mu 1868 Edwin Izod anayambitsa kuumba koseti ndi nthunzi: ikasokedwa ankaipaka sitachi, n'kuiveka pa chifanizo chachitsulo cha thupi la mkazi, n'kuchitenthetsa mpaka nsaluyo itauma itatenga maonekedwe ake. Mtengo unatsika moti ngakhale mtsikana wogwira ntchito m'nyumba za anthu ankatha kugula yatsopano. Koma taonani chimene chinatayika. Kale mmisiri ankayeza munthu n'kusoka chovala chotsata thupi lake. Tsopano chovala chinkaumbidwa pa chifanizo, ndipo thupi ndi limene linkayenera kutsata chovala.

Anamgumi atachepa, mtengo wa mafupa unakwera, ndipo anthu anayesa chilichonse. Abale awiri a ku America, madokotala Lucien ndi Ira Warner, amene fakitale yawo inali ku Bridgeport, ankagwiritsa ntchito luzi la chomera china cha ku Mexico cha mtundu wa khonje, n'kulitcha Coraline. Edward Warren wa ku Michigan mu 1883 anatulukira njira yong'alula mapesi a nthenga za nkhukundembo n'kuwamanga pamodzi ndi ulusi. Ena ankapala nyanga za njati za ku Asia. Chitsulo chinalipo, koma chinali ndi zovuta ziwiri: thukuta linkachichititsa dzimbiri, ndipo chikathyoka chinkabaya. Anayamba kuchikuta ndi pepala, labala ndi zina. Chimene chinapambana ndi waya wopotedwa ngati sipuling'i kenako n'kuphwathalitsidwa. Chitsulo chophwathalala wamba chimapindikira kutsogolo ndi kumbuyo kokha, koma chopotachi chimapindikira ndi m'mbali momwe, ndiye chimatsata msoko wokhota. Kampani ya Spirella, imene inayamba ku America mu 1904 ndi waya wopinda mwa njira yakeyake, inamanga fakitale yaikulu ku Letchworth ku England kuyambira 1912, ndipo akazi ake ogulitsa ankayenda khomo ndi khomo kuyeza makasitomala m'nyumba zawo. Chitsulo chitafala kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, msika wa mafupa a namgumi unagwa, zombo n'kusiya kupita kumpoto.

Tsopano za kuvulaza thupi. Madokotala anayamba kudandaula kalekale. Mu 1793 Samuel Thomas von Sömmerring wa ku Germany anafalitsa chithunzi chojambula pamanja chosonyeza nthiti za mkazi wosavala ndi za wovala, ndipo chinakopedwa m'mabuku ambirimbiri. Mu 1908 dokotala wa ku France, Ludovic O'Followell, anajambula akazi ovala koseti ndi makina a X-ray, ndipo nthiti zam'munsi zinaonekadi zitakankhidwira m'kati. Posachedwapa katswiri wina, Rebecca Gibson, anapima mafupa a akazi akale osungidwa ku Paris ndi ku London, napeza nthiti zopindika ndi timafupa ta msana topendekeka. Anapezanso kuti ambiri mwa akaziwo anakhala ndi moyo zaka zofanana kapena zoposa za anzawo a nthawiyo. Kumanga kwambiri kumachepetsa mpweya umene mapapo angakoke, kumabweretsa kutentha pamtima ndi kudzimbidwa, ndipo wovala zaka zambiri minofu yake ya msana ndi mimba imafooka chifukwa chosagwira ntchito. Choipitsitsa, kwa ine, ndi kuveka ana amene mafupa awo akadali anthete, komanso kuti mkazi analibe ufulu weniweni wokana.

Koma zina zimene zimanenedwa n'zongopeka. Makoseti achitsulo chokhachokha amene ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale sanali a fashoni. Ena anali othandiza anthu opindika msana, monga anafotokozera dokotala wa opaleshoni wa ku France, Ambroise Paré, m'zaka za m'ma 1500, ndipo ena anasulidwa pambuyo pake kuti azikopa anthu ofuna zodabwitsa. Zoti akazi a m'zaka za m'ma 1800 ankachotsetsa nthiti zilibe umboni, ndipo opaleshoni yotero masiku amenewo ikanakhala kudzipereka ku imfa. Madokotala enanso ankaikankhira koseti matenda amene sankadziwa chiyambi chake, monga chifuwa chachikulu ndi khansa. Zithunzi za chiuno chonga cha mavu zambiri ankazikonza ojambula, kupaka utoto m'mbali kuti chiuno chichepe. Makoseti ogulitsidwa ankayambira mainchesi 18 kufika 30 ndi kupitirira, ndipo ankavalidwa kumsana kutatsala mpata wa zala zingapo, choncho muyeso wa chovala suli muyeso wa chiuno cha mwini wake. Mapewa otukumuka ndi masiketi otambalala ankathandizanso kunamiza maso. Omanga mopitirira muyeso analipo, monga Mfumukazi Elisabeth ya ku Austria, kapena Ethel Granger wa ku England amene m'zaka za m'ma 1900 anafikitsa chiuno chake pa mainchesi 13, koma anthu a nthawi yawo yomweyo ankawaona ngati odabwitsa.

Ngakhale ofuna kukonza zinthu nthawi zina ankawonjezera vuto. Cha m'ma 1900 Inès Gaches-Sarraute, mkazi wa ku France amene anaphunzira zachipatala, anapanga koseti yowongoka kutsogolo kuti isamapanikize mimba ndi kukankhira ziwalo pansi. Opanga fashoni ataitenga n'kuimanga mothina, inayamba kukankhira chifuwa kutsogolo, matako kumbuyo, msana n'kukhota ngati chilembo cha S.

Kutha kwake sikunachitike tsiku limodzi. Herminie Cadolle anali ataonetsa kale ku Paris mu 1889 koseti yogawa pawiri, chigawo chakumtunda chonyamula mabere ndi malamba a m'mapewa. Mu 1914 Mary Phelps Jacob wa ku New York analembetsa kamisolo wake, amene poyamba anamusoka ndi mipango iwiri ndi riboni, kenako anagulitsa umwini wake ku kampani ya Warner ija. Akazi anayamba kukwera njinga, kusewera masewera, ndipo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse analowa m'mafakitale. Ulusi wa lasitiki utabwera cha m'ma 1930, zovala zotamuka zinalanda malo. Komabe koseti yakhala ikubwerera: wopanga fashoni wa ku France, Christian Dior, anabwezeretsa chiuno chothina mu 1947, ndipo wina wa ku England, Vivienne Westwood, mu 1987 anaitulutsa m'kati n'kuisandutsa chovala chapamwamba. Kuchokera kumeneko ndi mmene yafikira pa madiresi aukwati ndi a chitenje amene atelala athu akusoka lero.

Ukwati utatha ndinabwerera kwa telala uja ndi kamzere kaja m'chikwama, ndipo tinakhala pansi n'kulitembenuza diresilo. Nsalu yam'kati inali yoterera, yotamuka, yopanda kalamba pachiuno, ndiye katundu yense anagwera pa pulasitiki, imene ikatenthedwa ndi thupi n'kupindika sibwereranso. Kumsana, m'mbali mwa mabowo a zingwe, kunalibe chitsulo chowongoka choti chigwire nsalu pokoka. Ndipo nsonga za timizereto anangozidula ndi sizasi n'kuzisiya zakuthwa. Ndinamuonetsa pafoni zithunzi za makoseti a m'ma 1880, pamene kumapeto kwa fupa lililonse pali kaluwa kapena kanthenga kopetedwa ndi ulusi wa silika wowala, wofiira kapena wachikasu pa nsalu yakuda. Poyamba anati n'zokongoletsa chabe. Ataikulitsa n'kuyang'anitsitsa, anaona yekha kuti ulusiwo wadutsana pansonga penipeni pa fupa, kulimangirira kuti lisasunthe ndi kuchindikalitsa nsalu pamalo pamene ikanabookera. Anatenga kachidutswa ka nsalu ndi singano yamanja, n'kuyamba kuyeserera pomwepo.